Madzuwa a Mdzukulu Wanga pa Waya wa Zovala

Ine sukulu ndinalekezera pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, ndiye musayembekeze kuti ndikufotokozerani zojambula ngati munthu wa tayi. Koma za dzuwa lojambulidwa pansalu ndikuzidziwa ndithu, chifukwa linatsala pang'ono kundiotchetsa nyumba kuno ku Chililalila, mu Kabwe muno, ine ndili momwemo ndi ndodo yanga.

Chinali chaka chija mvula inayamba bwino, anthu n'kubzala ndi mtima wonse, kenako kumwamba n'kutseka chitseko. Chimanga chinafika m'mawondo n'kuyamba kupota masamba ngati anyezi. Magetsi ankabwera ngati mlendo amene walakwitsa nyumba, kusuzumira pang'ono n'kubwerera. Anthu ankayenda khosi lili m'mwamba, mpaka ena kupunthwa pamiyala.

M'chaka choterocho ndi pamene mdzukulu wanga anatsika minibasi pamsewu wathu ndi matabwa, mpukutu wa nsalu yoyera yokhuthala ndi zitini. Ndi mwana wa mwana wanga wamkazi, anabadwira ndi kukulira ku Lusaka, ndipo kumeneko anaphunzira zojambula mpaka kupatsidwa pepala. Anati kachipinda kamene amakhala n'kochepa, ndipo akukonzekera chionetsero, ndiye akufuna malo ndi bwalo loyanikira. Kwa ine malo analipo, chifukwa chimwalirireni mkazi wanga m'chipinda chakumbuyo munkangogona abuluzi. Ndinasangalala, sindinama. Nyumba yopanda wokangana naye imakalambitsa.

Tsiku lina anandiitana kuti ndikaone. Ndinapeza nsalu yayikulu yokokedwa pamatabwa, yoyera mbee, ndipo chapakati, mopendekera pang'ono kumanzere, panali chinthu chozungulira chofiira. Basi.

"Mkazi wanga," ndinatero, poti mdzukulu wamkazi kwathu timamutchula choncho pomuseka, "wayamba bwino. Umaliza liti?"

"Ndamaliza, agogo."

"Wamaliza? Nanga mitengo ili kuti? Mayi wosenza mtsuko ali kuti? Ngakhale kambalame kamodzi kouluka?"

"Palibe. Ndi dzuwa."

"Wavundikira mbale yanga ya nshima pansalu n'kuzunguliza pensulo. Sukulu yonse ija anakuphunzitsa zimenezi? Bwera nazo zitinizo, ine ndikupangira khumi dzuwa lisanalowe."

Anaseka, koma anandikhazika pansi. Anati ojambula ambiri a masiku ano sadzaza nsalu. Umayamba ndi zonse zimene zili m'mutu, kenako umachotsa, umachotsa, mpaka patsale chinthu chimene ukachichotsa ndiye kuti palibenso nkhani. Ndinamuuza kuti achotsenso chotsalacho tipeze nsalu ya pathebulo. Anandiponyera kansanza.

Kenako anandionetsa zina. Pa ina dzuwa linali ngati chivundikiro cha poto. Pa ina linali ngati batani la malaya, lili pamwamba penipeni, nsalu yonse yapansi ili yopanda kanthu. Pamenepo anandifunsa ngati ndaiwala nkhani imene ndinkamuuza ali wamng'ono. Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi kudzagwira ntchito kumgodi wa kuno, ndipo ankanena kuti chikepe chikamatsika nawo m'dzenje, kuwala kwa kumwamba kumayamba ngati lichero, n'kusanduka mbale, n'kusanduka batani, kenako zii. Munthu umayang'ana kabataniko mpaka khosi kupweteka, chifukwa sudziwa ngati udzakaonanso. Ine ndinkamufotokozera mwanayo pofuna kumuopseza kuti agone, osadziwa kuti akusunga.

Panali ina imodzi ya dzuwa lakuda bii.

"Nanga ili lapsa?"

"Ili ndi la amene sanatuluke."

Tsiku limenelo sindinamusekenso.

Penti wake wambiri ankapanga yekha. Wakuda ankapera makala. Wofiira ankasefa dothi, n'kusakaniza ndi guluu wa akalipentala, n'kumapaka kangapo, kudikira kuti uume, kupakanso. Akapaka ankatulutsa nsaluzo n'kuzikoleka pa waya wa zovala. Mpanda wanga ndi wa timitengo tofika m'chiuno, ndipo nyumba yanga ili pamene anthu amadutsa akatsika minibasi. Choncho aliyense wochokera kumunda, atawauka ndi dzuwa limodzi la Mulungu, ankapeza pakhomo panga payanikidwa ena mndandanda, ofiira, achikasu, ndi lakuda lija kumapeto. Ine ndi nzeru zanga zonse za ukalamba sindinaganizepo kanthu. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumauza odutsa kuti tatsegula fakitale.

Zinayamba pang'onopang'ono. Mayi wogulitsa tomato pamsika anandiikira tomato pathebulo m'malo mondipatsira m'manja. Ndinati mwina manja ake ndi akuda. Tsiku lina ndikupita m'tauni, mpando wa pambali panga mu minibasi unakhala wopanda munthu, kondakitala akukuwa, anthu akupanikizana kumbuyo ngati nkhuku za pamsika. Inu amene mumadziwa minibasi za ku Kabwe, munaonapo mpando wopanda munthu? Ndinanunkhiza m'khwapa mwanga. Munalibe vuto loposa la masiku onse.

Amene anandiopsa kwenikweni ndi mnzanga wa Chibemba. Mkuluyu anapuma ntchito ya njanji, ndipo ndi iye tcheyamani wa chigawo chathu, woweruza za mipanda ndi nkhuku zosochera. Kuno Abemba ndi ife a kummawa tili pa chimbuya. Ndiye kuti timatukwanana mwaufulu, pamaliro timapakana ufa kumaso, ndipo wokwiya ndiye chitsiru. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani, ndipo onse tikunena zoona. Sasiyanitsa wa ku Petauke, wa ku Chipata kapena ife amene makolo athu anachokera ku Malawi. Wodya mbewa aliyense ndi mbuya wawo. M'mawa uliwonse kwa zaka zambirimbiri mkuluyu ankaima pampanda panga n'kukuwa, "Iwe wodya mbewa, sunafebe?" Ine n'kuyankha, "Ndikudikira iwe utsogole, wodya anyani, ukandisesere malo."

M'mawa umenewo anaima pampanda, anavula chipewa, n'kunena motsitsa mawu, "Mwashibukeni, bashikulu." Kumeneko ndi kundidzutsa mwaulemu m'chinenero chake, ngati ine ndine apongozi ake.

Ndinayang'ana kumbuyo kuona ngati kuli munthu wina. Kunalibe.

"Wadwala?" ndinamufunsa.

"Ndilowe tikambirane, mukwai."

Mukwai, ulemu winanso wa Chibemba. Tinakhala pansi pa mango. Anayamba ndi kutsokomola kosachokera pachifuwa. Kenako anati nkhani yafika kwa iye, ndipo yabwera ndi mayi wa nyumba yachitatu kuchokera kwanga. Mayiyo ndi wa ku Petauke, wamasiye, akulera adzukulu amene makolo awo anamwalira, ndipo chimene ali nacho ndi kamunda kunjira ya ku Mukobeko. Iyeyo anaona ndi maso ake mdzukulu wanga atagwada pachulu cha m'munda mwakemo, akutapa dothi n'kuthira m'chitini. Patangopita masiku ochepa madzuwa anayamba kuoneka pa waya wanga. Kuyambira pamenepo mitambo ikasonkhana, ikafika pamwamba pa denga langa imabalalika. Anthu akuti ndamanga mvula.

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunatuluka ngati kwa mbuzi yomangidwa pakhosi.

"Ine? Ndimange mvula kuti ndipindule chiyani?"

"Ndi zimenenso akunena. Mulibe munda, ndiye mvula simuifuna. Ndinu wokalamba, mumakhala nokha, mkazi anatsogola inu n'kutsala. Ndiponso akuti kwanu ku Malawi zinthu zimenezi mumazidziwa."

"Kwathu? Mchombo wanga unakwiriridwa kukomboni ya mgodi, iwe usanaone sitima! Ku Ntcheu ndinapitako kamodzi, udzudzu wakumeneko unandiluma ngati mlendo."

"Ine ndikudziwa, mukwai. Koma chimanga chikufa."

Anavala chipewa n'kuchoka osanditukwana ngakhale kamodzi.

Ndikuuzeni chifukwa chimene ndinachitira mantha. Zaka zapitazo ku Ngungu, komboni ina ya kuno, kunali mkulu wina woumba njerwa. Chaka china mvula inachedwa, anthu anati iyeyo ndi amene akuigwira kuti njerwa zake ziume. Ine ndinapitako kutacha kukaona, poti ndine munthu wokonda kuona. Ndinapeza makoma okha akufuka utsi, bedi lachitsulo litapindika, ndi galu wake akuzungulira. Mwini wake anapulumuka, koma sanabwererenso, ndipo amene anayatsa moto anali anthu omwe ankamwa naye tiyi. Palibe anali woipa mwa iwo. Anali ndi njala imene inali isanafike koma akuiona ikubwera pamsewu.

Ndinalowa m'chipinda chakumbuyo.

"Mkazi wanga, dothi lofiirali umalitenga kuti?"

"Pachulu china uko, njira ya ku Mukobeko. N'labwino kwambiri, agogo, losalala ngati ufa."

"Chulucho chili m'munda mwa munthu?"

"Mwina. Panali chimanga chouma chouma. Bwanji, ndi dothi chabe."

Mwana wa ku Lusaka! Amadziwa mayina a ojambula a kutsidya kwa nyanja, koma sadziwa kuti dothi la m'munda mwa munthu sutapa, ngakhale lodzaza chikhatho. Wotapa dothi la mnzake ndiye kuti akufuna kukokera zokolola kwake kapena kuumitsa mundawo. Izi ngakhale wa kutchalitchi woimba kwaya amazidziwa. Ndinamufotokozera zonse. Anayamba ndi kuseka, kenako anakwiya.

"M'zaka zino, agogo? Anthu ali ndi mafoni m'manja, nyengo amaionera pa foni!"

"Pa foni pomwepo ndi pamene akutumizirana zithunzi za waya wanga."

"Tiyeni kupolisi."

"Tikanene chiyani? Kuti mayi wa tomato sanandigwire dzanja? Kuti M'bemba wandipatsa ulemu?"

Tinagwirizana kuti nsaluzo zisatulukenso panja. Tinaziimika m'chipinda chochezera, kutsamira makoma, mazenera otsegula kuti ziume. Ndinaganiza kuti ndachita zanzeru. Kutacha nkhani inali ponseponse yakuti mkulu uja wabisa zinthu zake, ndiye kuti wadziwa kuti tamutulukira. Ukayanika akuti ukulodza poyera, ukabisa akuti wavomera. Ndinakhala m'nyumba mwanga momwe, madzuwa atandizungulira mbali zonse, thukuta likutsika, ndipo ndikuuzeni zoona, ngakhale ine ndinayamba kuwayang'ana ndi diso lina. Chinthu chozungulira chopanda mphuno, chopanda mtengo pambali, chimakuyang'ana nthawi zonse. Ukapita kukhitchini chikukuyang'ana. Mdzukulu wanga anati ndi mmene chiyenera kukhalira, aliyense amaikamo zake. Ndinati eya, anthu a Chililalila aikamo zawo, ndipo zawozo zili ndi machesi.

Masana ena mitambo inabwera yakuda kuchokera cha ku Mukobeko. Mphepo inayamba, fungo la mvula linafika mpaka m'mphuno, nkhuku zinathamangira m'khola. Ndinaima pakhomo n'kupemphera pemphero limene sindinapempherepo ngakhale pa ukwati wanga. Ndinati Ambuye, ngakhale madontho ongonyowetsa fumbi, ndisiya fodya wa m'mphuno. Kunagunda kawiri. Kenako mitambo ija inang'ambika pakati, mbali ina kupita uku, ina uko, dzuwa n'kutuluka pakatipo, pamwamba penipeni pa denga langa ngati lachita kutumidwa. Ndinaona anthu ataima m'makomo mwawo, osayang'ana kumwamba, akuyang'ana kwa ine. Ndisanatseke chitseko, mwala unagwa pamalata. Masanasana, osati mobisa.

Ndinamupempha mwanayo kuti anyamule zinthu zake abwerere ku Lusaka.

"Zazikuluzi sizinaume, agogo, zikapindidwa zisweka. Ndiponso ndikathawa ndiye kuti ndavomera."

"Iwe kuvomera kapena kukana, basi ikutenga. Ine ndi bondo ili ndithawira kuti? Nyumba ino ndi yokhayo imene mgodi unandisiyira."

Anati ndimupatse masiku ochepa okha. Ndinavomera. Ndinaika zikalata za nyumba ndi chithunzi cha mkazi wanga m'kachikwama pafupi ndi chitseko chakumbuyo, ndipo ndinkavala nsapato ngakhale pogona masana. Galimoto ikaima pamsewu ndinkasuzumira pazenera. Mnzanga wa Chibemba ankadutsa, kuvula chipewa, n'kupitirira.

Anabwera Lamulungu, anthu atatuluka m'matchalitchi, ena akadali ndi mayunifolomu a chigwirizano ndi mabuku a nyimbo m'manja. Ndinawamva asanafike, phokoso la mapazi ambiri opanda kuyankhula. Kutsogolo kunali tcheyamani, atanyamula ndowa yodzaza madzi, m'chaka chimene madzi tinkachita kulindirira pampopi. Pambali pake mayi wa ku Petauke uja. Kumbuyo anyamata a pamsika, manja ali kumbuyo, ndipo munthu amene manja ake ali kumbuyo sanabwere kudzapereka moni.

"Bashikulu," anatero tcheyamani, nkhope ili gwa, "anthu akufuna aone zimene muli nazo m'nyumba."

Ndisanayankhe, mdzukulu wanga anatuluka yekha atanyamula nsalu yayikulu ija, ya dzuwa lofiira, imene anaivutikira kuposa zonse. Anaiimika potsamira mango. Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anagwada monga mwa ulemu, ndinadabwa kuti anaziphunzira kuti, n'kuyamba kufotokoza. Ananena za agogo ake aakulu, za chikepe, za kuwala kumene kumachepa. Ndinaona akuluakulu ena, amene abambo awo anatsikanso m'dzenje lomwelo, akugwedeza mitu pang'ono.

Mayi uja anadikira mpaka amalize.

"Zamveka, mwanawe. Nanga dothi la m'munda mwanga?"

"Ndinkafuna lofiira, amayi. Sindinadziwe."

"Kabwe yense uyu, dothi lofiira linathera m'munda mwa ine wamasiye? Unandipempha? Ana aja ndiwapatsa chiyani, chithunzi?"

Mayiyo sankakuwa, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa. Kumbuyo kuja wina anati, "Atulutse lakuda lija!" Wina anati, "Zonse zipse!" Ndinaona mnyamata wina wamkulu thupi akubweretsa dzanja kutsogolo, muli chibenthu cha njerwa. Ndinaganiza za bedi lopindika la ku Ngungu. Ndinaganiza kuti kachikwama kaja kali kuchitseko chakumbuyo, ine ndili kutsogolo.

Pamenepo tcheyamani anaika ndowa pansi, anavula jekete n'kupatsa munthu, ndipo anatembenukira kwa anthu ndi mawu amene ndinali ndisanawamve kwa masiku ambiri.

"Imwe bantu, taimani ndimuone bwino mfiti wathuyu. Uyu? Uyu ndi amene wamanga mvula? Taonani buluku lake! Wamanga ndi waya wa magetsi koma likugwabe. Munthu wolephera kumanga buluku amange kumwamba?"

Wina anaseka kamodzi n'kudzigwira pakamwa.

"Ine ndamudziwa kalekale kapolo wanga uyu. Mbewa, chakudya cha makolo ake, zimamudyera ufa m'nyumba iye akuyang'ana, kulephera kugwira ngakhale imodzi. Mbuzi anamanga chaka chija inakafika ku Ngungu ndi chingwe chake. Ngati muli dzuwa pakhomo pano, si la pansalupo ayi. Nali!"

Anandivula chipewa, dazi langa n'kung'anima. Ananyamula ndowa ija n'kundikhuthulira theka pamutu. Madzi ozizira analowa m'khosi mpaka mu nsapato. Ndisanapume, anatembenuka n'kukhuthulira otsalawo pansalu ija.

Ndinamva mdzukulu wanga akukoka mpweya. Dzuwa lija linayamba kulira misozi yofiira. Mkuluyo sanalekere pomwepo. Analipaka ndi chikhatho, kulifafaniza uku ndi uku, n'kutapa matopewo kudzandipaka padazi ndi m'masaya, monga timachitira ndi ufa pamaliro.

"Talizimitsa! Onse awiri tawazimitsa!"

Anthu sanadziwe ngati aseke kapena aponye. Ine ndinangoima, madzi akuchucha. Mkuluyo anayandikira ngati akufuna kundipakanso, n'kunena m'mano kuti ndimve ndekha, "Yankha, chitsiru iwe. Yankha msanga."

Apo m'pamene ndinazindikira. Ndikakhala chete ndiye kuti ndi mlandu, ndipo iye waweruza. Ndikayankha ndiye kuti ndi chimbuya, ndipo pa chimbuya saponya njerwa. Koma ine amene pakamwa panga sipanasowepo mawu chibadwire, tsiku limenelo lilime linali ngati chikopa. Ndinafufuza m'mutu monse, n'kupeza kachipongwe kakale kotha ntchito.

"Madzi awa," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwana, "akununkha nyani. Mwatsukira poto wa kwanu?"

Mayi wina wokalamba wa kwathu kummawa, wa yunifolomu, anaphulika kuseka. "Wanena zoona! Abemba inu, madzi osowa chonchi mukusambitsa nkhalamba ya eni!"

"Tikusambitsa chifukwa inu simusamba!" anayankha mayi wa Chibemba.

"Tisambe kuti tikongolere ndani, anyani?"

Basi zinagwirana pamenepo. Gulu limene linabwera limodzi kudzaona mfiti linang'ambika pakati pa mzere wake wakale, odya mbewa uku, odya anyani uko, aliyense akukumba chipongwe cha agogo ake. Ine mphamvu zinabwerera, ndinamuuza tcheyamani kuti njanji inayamba kuyenda bwino tsiku limene iye anapuma. Ndinavina pang'ono ndi matope angawo, ndinaomba m'manja, ndinaseka kwambiri kuposa onse. Mnyamata wa njerwa uja ndinamuona akuiponya pansi mwakachetechete, n'kupukuta dzanja pabuluku.

Anthu awiri okha sanaseke. Mayi wa ku Petauke anagwada pansi pa nsalu ija, pamene matope ofiira anadontha, n'kuwakokolola ndi zala mosamala, kuwamanga pakona ya chitenje chake. Anatenga dothi lake n'kumapita, osayang'ana munthu. Winayo anali mdzukulu wanga. Anaima pomwe anaima, akuyang'ana nsalu imene tsopano inkaoneka ngati pamene aphera mbuzi.

Anthu atabalalika, tcheyamani anatenga ndowa yake. Anayang'ana mwanayo ngati akufuna kunena kanthu, koma anangoti kwa ine, "Ukasambe, wodya mbewa, ukuchititsa manyazi chigawo changa."

Kutacha mdzukulu wanga anamasula nsalu zonse pamatabwa, zouma ndi zosauma zomwe, n'kuzikulunga. Ndinamva zina zikuthetheka. Ndinamuperekeza kumsewu.

"Munaseka, agogo."

"Ndinaseka."

"Munavinanso."

"Ukanakonda ndilire? Taona, denga lilipo."

Minibasi itabwera anakweza katundu wake, anandigwira dzanja mwaulemu ngati ndine mkulu wa mpingo, n'kukwera.

Mvula sinagwe sabata imeneyo kapena yotsatira. Pamene inadzagwa inapeza chimanga chitafa kale, inangonyowetsa mapesi. Ndiye pamsika ndinamva wina akuuza mnzake kuti mwaona, chizimitsireni chija kumwamba kwamasuka, kungoti tinachedwa. Ndinabwerera kunyumba osagula chimene ndinapitira. Ngati akukhulupirira kuti ndowa ija inagwira ntchito, ndiye kuti akukhulupirirabe kuti panali chozimitsa. Mayi wa ku Petauke mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali. Ndinamutumizirako ufa nthawi ya njala ija kudzera kwa amayi a kutchalitchi, osanena kuti wachokera kuti, chifukwa akanadziwa akanautaya. Ndipo chaka chilichonse mwezi wa Novembala ukafika, ine amene ndilibe ngakhale mzere umodzi wa chimanga ndimakhala woyamba kudzuka kukayang'ana mitambo.

Chionetsero chija chinachitika. Mdzukulu wanga anandiitana, koma sindinapite, ndinaopa kusiya nyumba yokha. Anakhala nthawi yayitali osandiimbira. Posachedwapa foni inalira, ndi iyeyo. Tinafunsana za moyo, za bondo langa, za amayi ake. Kenako anati ku Lusaka malo akumuchepera, ndipo dothi la kumeneko silimupatsa kufiira kumene akufuna.

"Ukujambulabe mbale zija?"

"Madzuwa, agogo. Ndikufuna ndibwere mu Okutobala, kukatentha zimauma msanga."

Ndinayang'ana chipinda chakumbuyo, abuluzi atabwereramo. Ndinayang'ana malata.

"Mu Okutobala ayi, mkazi wanga. Bwera mu Juni, anthu atakolola, kukuzizira, aliyense atatsamira khoma kuothera dzuwa. Dothi ndikakupemphera ndekha kwa mwini chulu, masana, pamaso pa anthu, ndi M'bemba uja ngati mboni."

"Mu Juni sizimauma bwino."

"Ziuma mochedwa. Tidzadikira."

Anati aganiza kaye. Mpaka pano akuganizabe, ndipo ine sindinamukakamize.